Dzino lisadikire kuti munthu ayambe wasiya kokeni

Pa chikondwerero cha 6 July chomwe a Malawi tidachita mu holo ina kummwera kwa mtsinje wa Clyde padali nsima, nkhuku, nyemba ndi usipa womwe wina adabwera nawo m'chikwama kuchokera kumudzi. Mnyamata wina wa zaka za m'ma 20, yemwe ambiri a ife tamuona akukula muno mu Glasgow, adakana mbale. Adati wadya kale. Azakhali ake atamuumiriza kuti angomwako tiyi, adanyamula kapu n'kutuluka nayo panja. Iwo adamutsatira ndipo adamupeza atawerama kuseri kwa galimoto, tiyi akutsikira m'mphuno.

"Mwana wanga, m'kamwamo muli chiyani?"

"Palibe, azakhali. N'chimfine chabe."

Sichidali chimfine. Kumwamba kwa m'kamwa mwake kudali bowo lalikulu ngati njere ya mtedza, lotulukira m'mphuno. Kwa miyezi ingapo ankalitseka ndi chingamu akafuna kudya kapena kulankhula ndi anthu. Mano awiri a m'mbali adali atathera m'nkhama. Chidamufikitsa pamenepo ndi kokeni, yemwe adayamba kumukokera m'mphuno ndi anzake Loweruka usiku. Banja lake latilola kufotokoza izi bola tisatchule dzina.

Chatikhudza kwambiri ndi zomwe zidachitika bowolo lisanabooke. Chaka chimodzi m'mbuyomo mnyamatayu adapita kwa dokotala wina wa mano, dzino likumusowetsa tulo. Atafunsidwa, adaulula zoona. Adauzidwa kuti adzabwerenso akadzasiya. Adapatsidwa masiku ena awiri koma manyazi adamugwira, sadapite, ndipo pambuyo pake idafika kalata yomuchotsa m'kaundula wa chipatalacho. Ifenso tidali ndi mbali yathu. Tidaona kuti waonda komanso kuti akamaseka amaphimba pakamwa ndi dzanja. Tidanong'onezana m'makhitchini, tidauza ana athu kuti asamayende naye, koma palibe adamufunsa ngati akumva kupweteka.

Maganizo athu ndi awa: munthu yemwe kokeni wamuwononga m'kamwa ayenera kuthandizidwa lero, kaya wasiya kaya sanasiye. Chithandizo cha mano chisasanduke mphoto yosungira okhawo amene agonjetsa chibaba. Kwa anthu ambiri, kusiyako kumayambira pampando wa dokotala wa mano.

Zomwe kokeni amachita m'kamwa

Kokeni amafinya mitsempha ya magazi. Munthu akamukokera m'mphuno, timitsempha ta m'kati mwa mphunomo timafinyika ndipo magazi sayenda bwino. Mnofu womanidwa magazi kawirikawiri umayamba kufa. Zizindikiro zoyamba ndi kamfuno, nkhanambo m'mphuno, ndi mphuno yotsekeka ngati ya chimfine chosatha. Kenaka khoma lolekanitsa mabowo awiri a mphuno limabooka. Munthu akapitiriza, kuwonongekako kumatha kutsikira pansi pa mphuno, ndipo pansi pa mphuno ndiye denga la m'kamwa. Fupa la pamenepo n'lopyapyala. Likabooka, zakumwa ndi phala zimatulukira m'mphuno, mawu amamvekera m'mphuno, ndipo zotsalira za chakudya zimakawolera komwe mswachi sufika.

Pali vuto lina lomwe ogula salidziwa. Ogulitsa amasakaniza kokeni ndi zinthu zina kuti ufawo uchuluke, ndipo chimodzi chofala ndi levamisole, mankhwala ophera njoka za m'mimba mwa ng'ombe ndi nkhosa. Mwa anthu ena levamisole amachititsa kuti chitetezo cha m'thupi chiukire mitsempha yake yomwe ya magazi, komanso amachepetsa asilikali a m'magazi olimbana ndi matenda. Zikatero zilonda za m'mphuno ndi m'kamwa zimakula msanga ndipo zimachedwa kupola.

Si onse amafika pa bowo. Ambiri amawonongeka pang'onopang'ono m'njira zosaonekera kutali. Amene amapaka ufawo m'nkhama amatuluka zilonda, nkhama zimabwerera m'mbuyo n'kusiya mizu ya mano pamtunda, ndipo ufawo ukasungunuka m'malovu umakhala ndi asidi wodya chophimba cholimba cha dzino. Kokeni amachititsanso munthu kukukuta mano ndi kumanga nsagwada kwa maola ambiri, mpaka mano kuperepeseka kapena kung'aluka. Amaumitsa m'kamwa, pomwe malovu ndiwo amatsuka mano ndi kufooketsa asidi tsiku lonse. Wouma kukhosi amathamangira zakumwa za shuga, ndipo wosagona usiku wonse sakumbuka mswachi. Osuta kokeni wa miyala, yemwe amatchedwa crack, amapsa milomo ndi kutuluka matuza chifukwa cha kutentha kwa kaliwo. Ena amakhala kuti akumwanso methadone pofuna kusiya heroin, ndipo iyenso amaumitsa m'kamwa.

Mankhwala a dzanzi omwe adasanduka msampha

Mbiri ya kokeni ndi ya madokotala a mano zidayambira pamodzi. Mu 1884, dokotala wa ku Vienna, Carl Koller, adaonetsa kuti kokeni amachititsa dzanzi m'diso moti opaleshoni n'kutheka munthu ali maso. Chaka chomwecho ku New York, William Halsted ndi Richard Hall adayesa kumubaya pafupi ndi mtsempha wa m'nsagwada, ndipo jakisoni wa dzanzi yemwe timabayidwa lero pozula dzino adayambira pamenepo. Halsted, mmodzi wa madokotala otchuka kwambiri a opaleshoni m'mbiri ya America, adagwidwa ndi chibaba cha mankhwala omwe ankayesawo. Zidatengera kubwera kwa Novocaine mu 1905 ndi lidocaine mu 1943 kuti madokotala a mano apeze mankhwala a dzanzi opanda msampha umenewu.

Tikutchula mbiriyi chifukwa ikufotokoza zomwe zimachitika m'nyumba zathu. Munthu wa dzino lobooka, yemwe ali ndi kokeni m'thumba koma alibe dokotala, amadziwa kuti akapaka pang'ono pa nkhama ululu utha kwa kanthawi. Amapaka, ululu umatha, nkhama imawonongeka, ululu umabwerera wokulirapo, amapakanso. Kumuuza munthu wotere kuti ayambe wasiya asanathandizidwe dzino n'kumulanda chithandizo chomwe chikadachotsa chimodzi mwa zifukwa zomubwezera ku ufawo. Ngakhale amene adasiya kwa miyezi, usiku umodzi wa dzino lopweteka n'ngokwanira kumugwetsa.

Palinso chifukwa chokhudza moyo weniweniwo. Jakisoni wa dzanzi yemwe madokotala a mano amagwiritsa ntchito kwambiri amakhala ndi adrenaline, kuti dzanzi likhalitse ndiponso magazi asatuluke ambiri. Kokeni ali m'thupi amathamangitsa kale mtima ndi kukweza magazi. Ziwirizi zikakumana mtima ukhoza kusokonekera kagundidwe munthu ali pampando. N'chifukwa chake madokotala amalangizidwa kuimitsa chithandizo chosafulumira kwa maola angapo, mpaka tsiku lathunthu, ngati wodwala wangogwiritsa ntchito kokeni. Koma dokotala sangaimitse zomwe sakuzidziwa. Wodwala yemwe adaphunzira kuti kunena zoona kumathamangitsitsa, ulendo wotsatira adzanama, ndipo bodza limenelo likhoza kumupha.

Chifukwa chake tikunena za Gorbals

Scotland ili pa nkhondo ndi mankhwala ozunguza bongo. Malinga ndi a National Records of Scotland, mu 2020 anthu 1,339 adamwalira chifukwa cha mankhwalawa, chiwerengero chokwera kuposa zaka zonse. Mu 2023 adamwalira 1,172, ndipo kokeni adakhudzidwa pa imfa 41 mwa 100 zilizonse, pomwe mu 2008 zidali imfa 6 zokha mwa 100. Mu 2023 anthu a m'madera osaukitsitsa adali pa chiopsezo choposa ka 15 poyerekeza ndi a m'madera olemera. Mu January 2021 Nicola Sturgeon, yemwe adali nduna yaikulu ya Scotland, adalengeza ndalama zokwana £250 miliyoni za zaka zisanu zolimbanirana ndi vutoli.

Pa 13 January 2025 mu Hunter Street, kutsidya kwa mtsinje kuchokera ku Gorbals, mudatsegulidwa The Thistle, malo oyamba mu United Kingdom pomwe anthu amadzibaya mankhwala awo anamwino akuyang'anira. Zidadabwitsa ambiri kumva kuti mankhwala obayidwa kwambiri pamalopo ndi kokeni, osati heroin. Koma The Thistle ndi ya odzibaya. Wokokera m'mphuno, yemwe Lolemba m'mawa amadzuka n'kupita ku ntchito ku nyumba yosamalira okalamba kapena kukayendetsa galimoto yoperekera katundu, sapondako. Sadziona ngati wodwala. Ndiponso kokeni alibe mankhwala olowa m'malo mwake monga momwe methadone alili kwa heroin, choncho palibe chomubweretsa munthu ku famase m'mawa uliwonse pomwe wina angamuone. Wachipatala woyamba kuona zomwe zikuchitika nthawi zambiri ndi amene amamuuza kuti yasamulani.

Gorbals ndi dera lomwe lakhala likulandira alendo kwa zaka zoposa 100: a ku Ireland, Ayuda ochokera kum'mawa kwa Ulaya, a ku Pakistan, ndipo kuyambira cha m'ma 2000 anthu othawa kwawo ochokera ku Africa ndi kwina. Enafe timakhala konko, ena timapempherako, ena timadutsako tsiku ndi tsiku popita m'tauni. Ndi dera lomwe umphawi ukudziwika bwino ngakhale nyumba zakale zidagwetsedwa n'kumanga zatsopano. Mu 2019 mu Sandiefield Road mudatsegulidwa chipatala chatsopano cha New Gorbals Health and Care Centre, ndipo pansi pa denga limodzi pali madokotala a matenda wamba, a mano, ndi gulu lothandiza anthu a vuto la mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Mphindi zochepa kuwoloka mtsinje, mu Sauchiehall Street, muli Glasgow Dental Hospital and School. Ku Govan kuli Queen Elizabeth University Hospital komwe kuli akatswiri a opaleshoni ya nkhope ndi nsagwada. Luso lilipo, nyumba zilipo. Ngati pali malo mu Scotland pomwe wodwala sayenera kusochera pakati pa khomo la mano ndi khomo la chithandizo cha chibaba, ndi ku Gorbals.

Zomwe zimatsekereza anthu athu

Choyamba ndi mantha a pepala. Kokeni ali m'gulu A pansi pa lamulo la Misuse of Drugs Act la 1971, ndipo kupezeka naye kukhoza kumangitsa munthu mpaka zaka 7. Kwa munthu wa viza, mlandu suthera kukhoti, umakafika ku Home Office. Choncho ambiri amaganiza kuti akauza dokotala wa mano, mawa lake apolisi agogoda. Si momwe zilili. Madokotala a mano amayang'aniridwa ndi General Dental Council ndipo malamulo awo amawakakamiza kusunga chinsinsi cha wodwala. Akhoza kuulula pokhapokha khoti kapena lamulo litawalamula, kapena pamene moyo wa wina, monga mwana, uli pangozi yaikulu. Munthu wamkulu wonena kuti amakoka kokeni Loweruka sali m'gulu limeneli.

Chachiwiri ndi ndalama, makamaka kusadziwa zomwe zili zaulere. Mu Scotland kupimidwa mano pansi pa NHS n'kwaulere kwa aliyense. Kuyambira August 2021, aliyense wosakwana zaka 26 salipira chithandizo cha mano cha NHS. Amayi oyembekezera ndi amene mwana wawo sanakwane chaka salipiranso, chimodzimodzi olandira mitundu ina ya thandizo la boma. Otsalawo amalipira magawo 80 mwa 100 a mtengo, koma osaposa £384 pa ndondomeko imodzi ya chithandizo. Wopeza zochepa akhoza kudzaza fomu ya HC1, ndipo akavomerezedwa amalandira chikalata chomuchotsera mtengo wonse kapena gawo lake. Chithandizo cha NHS sichiwerengedwa m'gulu la ndalama za boma zomwe a viza amaletsedwa kulandira. Mu Scotland, ngakhale munthu amene pempho lake lothawira kuno lidakanidwa ali ndi ufulu wothandizidwa ndi NHS. Mnyamata tamutchula uja adali wosakwana zaka 26 nthawi yonseyi. Sakadalipira kalikonse, koma palibe adamuuza.

Chachitatu ndi kalata yochotsa munthu m'kaundula. Kupeza dokotala wa mano wolandira odwala atsopano a NHS kwavuta m'madera ambiri chichokereni mliri wa Covid-19, ndipo tikumvetsa kuti mpando wopanda munthu ndi ndalama yotayika kwa mwini chipatala. Koma ena a ife timagwira ntchito za makompyuta ndipo tikudziwa momwe makina osungira maina amakonzedwera: munthu akajomba kawiri, makinawo amatulutsa kalata. Sadziwa ngati wojombayo ndi waulesi kapena ndi wodwala yemwe sadagone masiku atatu ndipo akuopa kuyasamula pamaso pa munthu. Lamulo limene lili m'makinamo adaliika ndi munthu, ndipo munthu akhoza kulisintha kuti asanachotse dzina wina ayambe waimba foni.

Chachinayi ndi ifeyo. Tidachoka kumudzi ndi mawu akuti chamba n'cha amisala ndipo malo awo ndi ku Zomba. Kokeni timamutenga ngati wa azungu ndi anthu a m'mafilimu. Mwana wathu akagwamo timabisa kuti a kumpingo asamve, a kumudzi asamve, gulu la WhatsApp lisamve. Akuluakulu adati mbewa ya manyazi idafera kuuna. Kuno ikufera mu fulati yotentha bwino, mamita ochepa kuchokera ku chipatala chaulere.

Kwa amene akuti adazifuna yekha

Tikudziwa zomwe ena a inu mukuganiza, chifukwa tazimva pa misonkhano yathu. Mumagwira mashifiti a usiku, mumadula msonkho, ena mumalipira £1,035 pa chaka ya zaumoyo pamwamba pa mtengo wa viza, ndipo inu nomwe mukudikira miyezi kuti mumatidwe dzino. Bwanji wodziwononga yekha apatsidwe mpando?

Funsoli n'lomveka, koma tiliyese pa ife eni. Amene timathira masipuni anayi a shuga mu tiyi, amene timasuta, amene timatsegula botolo ndi mano, tonse timapita kwa dokotala ndi mabala odzipangira tokha, ndipo palibe amatiuza kuti tiyambe tasintha khalidwe. NHS idakhazikitsidwa mu 1948 pa mfundo yoti munthu athandizidwe malinga ndi kudwala kwake. Tikayamba kusankha oyenera chifundo, tisaiwale kuti m'dziko muno alipo ambiri amene amati ife obwera ndife osayenera.

Ngakhale pa ndalama zokha, kudikira n'kodula. Dzino lomatidwa lero ndi ntchito ya theka la ola. Dzino lomwelo likasiyidwa limachita mafinya, kutupa kumatsikira kukhosi, munthu amakagonekedwa m'chipatala ndi kuchitidwa opaleshoni usiku. Bowo la m'kamwa likakula limafuna akatswiri angapo kwa zaka.

Pali mfundo imodzi yomwe madokotala akunena zoona ndipo tisawatsutse. Opaleshoni yotseka bowo ndi mnofu wochokera pena sigwira ngati munthu akukokabe kokeni, chifukwa mnofu wosokererawo umafuna magazi omwe kokeni amatsekereza. Akatswiri akamati ayambe waona miyezi yambiri munthu atasiya, akuteteza wodwalayo. Koma opaleshoni ndi khomo lomaliza. Kuthetsa ululu, kuchiza mafinya, kumata ndi kuzula mano sizifuna kudikira. Ngakhale bowolo lili ndi chithandizo cha lero: kachipangizo kapulasitiki kokhala ngati mano oikirira, komwe madokotala amakatcha obturator, kamatseka dengalo moti munthu amadya, kumwa ndi kulankhula bwino. Wotha kudya pagulu ndi kuyankha mafunso pofunsira ntchito osaphimba pakamwa amakhala ndi chifukwa chosiyira.

Zomwe tikupempha

Kwa a NHS Greater Glasgow and Clyde ndi a Glasgow City Health and Social Care Partnership, pempho lathu ndi lakuti aliyense wofika ku gulu lothandiza za mowa ndi mankhwala ku Gorbals afunsidwe za m'kamwa tsiku loyamba, ndipo wofuna chithandizo apatsidwe tsiku lokaonana ndi wa mano asanatuluke m'nyumbamo. Njirayo iyendenso mobwerera: dokotala wa mano akaona nkhama zopsa kapena denga lofewa, akhale ndi munthu wodziwika womuimbira nthawi yomweyo, wodwala akavomera. Scotland ikudziwa kale kachitidwe ka zoterezi. Ili ndi Childsmile ya ana, Caring for Smiles ya okalamba, Smile4life ya osowa pokhala ndi Mouth Matters ya akaidi. Ili ndi Public Dental Service, yomwe ntchito yake ndi kuthandiza anthu ovutika kupeza dokotala wa mano wamba. Tikufuna khama lomwelo liperekedwe kwa ogwiritsa ntchito kokeni, kuphatikizapo maola ena pa sabata omwe munthu angangofika popanda kulembetsa tsiku.

Kwa madokotala a mano a mu Crown Street, Victoria Road ndi madera ozungulira, tikupempha kuti funso la mankhwala ozunguza bongo lizifunsidwa kwa aliyense mofanana ndi la fodya ndi mowa, ndipo wodwala auzidwe chifukwa chake: n'kuteteza mtima wake pa jakisoni. Wonena zoona asabwezedwe chimanjamanja. Ngati lero sizitheka, apatsidwe la mawa.

Kwa abusa, ansembe, mashehe ndi atsogoleri a magulu athu, pemphererani odwala, ndipo mukatha kupemphera aperekezeni ku chipatala. Mabungwe ngati Scottish Families Affected by Alcohol and Drugs alipo kuti athandize makolo ndi abale, ndipo misonkhano ya Cocaine Anonymous imachitika mu Glasgow sabata iliyonse.

Kwa iwe mphwathu kapena mlongo wathu amene ukuwerenga izi uli wekha, lilime likufufuza pamalo pomwe pakupweteka: pita ukapimidwe ngakhale sunasiye. Usakoke tsiku lopita ndi dzulo lake, ndipo ngati wakoka, nena. Usapake ufawo m'nkhama. Usabwerekane kokokera ndi mnzako, chifukwa magazi a kamfuno amafalitsa matenda a chiwindi a hepatitis C. Imwa madzi m'malo mwa zakumwa za shuga, tsuka mano kawiri pa tsiku ndi mankhwala a fluoride, ulavule koma usachukuche ndi madzi, ndipo funsa dokotala za mankhwala otsukira mano amphamvu omwe amalembera anthu ouma m'kamwa. Chilonda cha m'kamwa chikatha sabata zitatu chisanapole, chionedwe msanga, chifukwa khansa ya m'kamwa imayambanso choncho. Dzino likavuta usiku kapena kumapeto kwa sabata, imba 111. Kutupa kukafika kukhosi kapena kudiso, ukamalephera kumeza kapena kupuma, kapena pachifuwa pakamapweteka utakoka, imba 999.

Kumudzi akutiyang'ana

Nkhani ya mano imalumikiza Glasgow ndi Malawi kuposa momwe ambiri timadziwira. Kudzera mu ntchito ya MalDent, yothandizidwa ndi boma la Scotland, sukulu ya mano ya University of Glasgow idagwirizana ndi College of Medicine ya ku Blantyre, yomwe tsopano ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, ndipo mu 2019 Malawi idayamba kuphunzitsa madokotala akeake a mano kwa nthawi yoyamba. Pa nthawiyo dziko lonse, la anthu oposa 17 miliyoni, lidali ndi madokotala a mano osakwana 50. Kumudzi munthu amayenda mtunda wautali kuti akazulitse dzino, ndipo ambiri a ife tidakula tikudziwa kuti mankhwala a dzino ndi kuzula basi. Ife tili mu mzinda womwe ukuthandiza kuphunzitsa madokotala a kwathu. N'zomvetsa chisoni kuti mwana wa ku Malawi awole m'kamwa mu mzinda womwewo chifukwa akulu ake adaopa miseche.

Azakhali aja sadadikire msonkhano wa banja. Lolemba lotsatira adapempha tchuthi ku ntchito, adamutenga mnyamatayo pa basi, ndipo adakhala naye pa benchi mpaka dzina lake litaitanidwa. Dokotala amene adamuona ulendo uno adamufunsa tsiku lomwe adakoka komaliza, adalemba, n'kupitiriza ntchito yake. Mizu iwiri ija idazulidwa. Patapita milungu ingapo adalandira kachipangizo kotseka dengalo, ndipo adavomera kukaonana ndi alangizi a za chibaba.

Sitikunena kuti wachira. Wagwapo kawiri chiyambireni, ndipo za opaleshoni sizinakambidwe. Koma ulendo uliwonse womwe wagwa wabwerera kwa dokotala wake wa mano n'kunena yekha. Mwezi watha adabwera ku maliro a mmodzi wa akuluakulu athu, adathandiza kunyamula mipando, ndipo nthawi ya chakudya adakhala pakati pa amalume ake n'kudya nsima ndi nyemba.

Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Pa msonkhano wotsatira wa gulu lathu tidzabweretsa mafomu a HC1, ndipo pali anthu odzipereka kuperekeza aliyense wofuna kukaonana ndi dokotala wa mano, popanda kumufunsa mafunso ambiri. Ngati m'nyumba mwanu muli wina amene wasiya kudya pagulu, yambani ndi kumufunsa za dzino.